Podcast ya Chichewa ku Joni: zimene zimaitanitsa kalata ya loya, ndi mmene timazipewera

Nkhani zimene zimakoka omvera pa ma podcast a Amalawi kuno ku Johannesburg timazidziwa tonse. Transipota amene wasowa ndi katundu wa anthu atalandira kale ndalama. Msungichuma wa bungwe la maliro amene foni yake yazima pamene thupi likudikira ku mochale kuti lipite kumudzi. Mneneri amene akuti akudyera anthu masuku pamutu, kapena mayi wa ku Rosettenville amene akuti walanda mwamuna wa mwini. Nkhani zomwezi ndi zimenenso zimabweretsa makalata a maloya. Ambiri mwa amene amawalandira sanali abodza ayi. Anali ndi nkhani yoona, kapena yoyandikira ku choonadi, koma analibe chogwirika m'manja pa tsiku limene anafunsidwa umboni.

Podcast siifuna laisensi ya ICASA, bungwe loyang'anira mawayilesi kuno, ngati wayilesi, ndipo palibe amene amamvetsera pulogalamu yanu isanatuluke. Ufulu umenewu ndi weniweni. Gawo 16 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa limapereka ufulu wolankhula kwa aliyense, osati nzika zokha, choncho Mmalawi wa ku Mayfair kapena ku Turffontein alinso momwemo. Koma gawo 10 limaperekanso kwa aliyense ufulu wolemekezedwa, ndipo makhoti a kuno amalitenga gawo limeneli mwamphamvu kwambiri chifukwa cha mbiri ya tsankho imene dzikoli linadutsamo. Ku wayilesi kumakhala mkonzi ndi loya amene amayeza ziwirizi nkhani isanapite kumphepo. Pa podcast, mkonziyo ndi loyayo ndinu nomwe.

Mmene mlandu umayendera

Munthu amene akukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri amangofunika kuonetsa zinthu zitatu: kuti mawuwo anafika kwa munthu wina wachitatu, ngakhale mmodzi yekha, kuti amanena za iye, ndiponso kuti mawuwo angachititse munthu woganiza bwino kumuona ngati wotsika. Basi. Sakakamizidwa kuonetsa kuti munanama, ngakhalenso kuti wataya ndalama. Akangoonetsa zitatuzo, khoti limayamba ndi ganizo loti munalakwa ndipo munachita dala, ndiye mtolo wonse umagwera inu kuti mudzichotse. Khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linatsimikiza zimenezi mu 2002 pa mlandu umene wandale Bantu Holomisa anasumira nyuzipepala ya Sunday World.

Apa ndi pamene amapusitsika anthu amene amaphunzira ntchitoyi poonera ma podcast a ku America. Kumeneko, kuyambira pa chigamulo cha 1964 pa mlandu wa New York Times, wandale kapena mkulu wa boma amayenera kuonetsa kuti wolankhulayo ankadziwa kuti akunama kapena sanasamale n'komwe za choonadi. Ndi phiri lovuta kukwera, n'chifukwa chake amalankhula motayirira chonchija. Kuno lamulo limenelo kulibe. Nduna ikhoza kukusumirani, kampani ikhoza kukusumirani, m'busa akhoza kukusumirani. Amene sangathe ndi boma lenilenilo ngati bungwe, ndiponso munthu womwalira, ngakhale kuti mawu onena za malemu akhoza kupaka matope abale ake amoyo, iwowo n'kusuma paokha.

Zishango zimene sizitchinga kanthu

Choyamba ndi mawu oti "akuti". Timawakonda kwambiri: akuti anadya ndalama za maliro, anthu akunena kuti, ndangomva pa gulu la WhatsApp. Pa lamulo, wobwereza mawu oipitsa mbiri amatengedwa ngati wawafalitsa yekha. Kunena kumene mwawatenga kumangoonetsa kuti olakwa ndinu awiri. Ndipotu wodandaula amasankha womusumira, ndipo nthawi zambiri amasankha amene ali ndi dzina, makamera ndi otsatsa malonda, osati amene anayambitsa mphekeserayo pa gulu.

Chachiwiri ndi kusatchula dzina. Funso la khoti si loti dzina linamveka kapena ayi, koma loti anthu omudziwa munthuyo akanamuzindikira kapena ayi. Pakati pa Amalawi a kuno zimenezi n'zosavuta n'komwe. Mukati "transipota wina wa ku Mangochi amene amakweza katundu Lachisanu pafupi ndi Park Station, wa thiraki yoyera ija", mwamutchula kale. Mu 2013 Khoti Lalikulu la ku Pretoria linagamula mlandu wa mauthenga a pa Facebook amene mayi wina analemba ponyoza mkazi wakale wa mwamuna wake. Mu uthenga wina dzina silinalembedwe, koma khoti linati owerenga ankadziwa amene akunenedwa, ndipo linalamula chipukuta misozi cha R40,000. Chimene ambiri amaiwala pa mlanduwu n'choti mwamunayo, amene sanalembe liwu ndi limodzi lomwe, analipitsidwa nawo chifukwa anamuika tag pa mauthengawo, iye n'kuwaona, osadzichotsapo. Mnzanu amene mumayendetsa naye pulogalamu, amene anangokhala phee n'kumagwedeza mutu, aziganizire zimenezi.

Kusatchula dzina kulinso ndi msampha wina. Mukati "akomiti a bungwe lija ndi akuba" pamene komitiyo ili ndi anthu asanu, aliyense mwa asanuwo akhoza kunena kuti mumanena iye. Pofuna kuzemba mlandu umodzi mwatsegula isanu.

Chachitatu ndi Chichewa chenichenicho. Ena amaganiza kuti woweruza wa ku Khoti Lalikulu la Johannesburg la pa Pritchard Street sangamve zimene zanenedwa. Makhoti amagwiritsa ntchito omasulira olumbira, ndipo chimene chimawerengedwa ndi tanthauzo limene omvera anu anatolapo, kuphatikizapo zokuluwika. Mukati munthu "ali ndi dzanja lalitali" kapena "ndi woyendayenda", womasulira adzauza khoti zimene Mchewa aliyense amamva pamenepo.

Nthabwala nazo sizipulumutsa. Mu 2011 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mlandu wa ana a sukulu ya sekondale ku Pretoria amene anamata nkhope za mphunzitsi wamkulu ndi wachiwiri wake pa chithunzi cha amuna amaliseche. Iwo ankati n'zocheza chabe. Khoti linati kuseketsa anthu ndi kunyazitsa munthu zimatheka nthawi imodzi, ndipo linawalamula kulipira R25,000 ndi kupepesa.

Kenaka pali kachiganizo kamene timakonda kuika koyambirira, koti maganizo a alendo si a eni pulogalamu. Kaikeni ngati mukufuna, koma sikakuchotsani pa mlandu. Mlendo analankhula m'chipinda muli anthu atatu. Amene anajambula, kudula, kuika mutu ndi kukweza pa YouTube kuti anthu zikwi amve ndinu. Fomu imene mlendo amasaina yolonjeza kuti adzabweza ndalama mukadzasumiridwa chifukwa cha iye ili ndi phindu lake, koma ndi pangano la awirinu. Wodandaula silimukhudza, ndipo mlendo wopanda ndalama sadzakubwezerani kanthu.

Zimene zimatetezadi

Chitetezo chachikulu ndi choonadi, koma kuno choonadi pachokha n'chosakwanira. Muyenera kuonetsa kuti nkhaniyo ndi yoona pa mfundo zake zikuluzikulu, komanso kuti anthu akupindula poidziwa. Kuti msungichuma sanapereke lipoti la ndalama za mamembala, anthu ayenera kudziwa, chifukwa akuperekabe ndalama mwezi ndi mwezi. Kuti msungichuma yemweyo ali ndi chibwenzi ku Tembisa, ngakhale zitakhala zoona, n'zovuta kuonetsa phindu lake kwa anthu, pokhapokha ngati ndalama za bungwe n'zimene zikulipira lendi ya chibwenzicho ndipo muli ndi mapepala ake. Chimene anthu akufuna kumva ndi chimene anthu ayenera kudziwa n'zosiyana, ndipo khoti limayang'ana chachiwiricho.

Chitetezo chachiwiri ndi ndemanga. Muli ndi ufulu wonena maganizo anu, ngakhale owawa, bola akhale maganizo anu enieni, pa nkhani yokhudza anthu, ndipo akhale atatsamira pa mfundo zoona zimene mwazitchula kapena zodziwika kale. Mlandu wa Robert McBride ndi nyuzipepala ya The Citizen umaonetsa malire ake bwino. Nyuzipepalayo inamutcha wakupha ndipo inati sayenera kukhala mkulu wa apolisi a Ekurhuleni, potengera bomba la ku Durban la 1986 limene iye anakhululukidwa ndi komiti ya TRC, bungwe lofufuza milandu ya nthawi ya tsankho. Mu 2011 khoti linati zimenezo n'zololedwa, chifukwa bombalo linaphadi anthu ndipo chikhululukiro sichifufuta mbiri. Koma nyuzipepalayo inanenanso kuti iye sanaonetsepo kulapa, zimene zinali zabodza, ndipo pa mfundo imodzi yokhayo inalipira R50,000. Pa maikolofoni zimatanthauza izi: yambani mwayala mfundo, kenaka nenani maganizo. "Bungwe linalandira ndalama za anthu makumi anayi, thupi lakhala ku mochale milungu itatu, msungichuma sakuyankha foni. Ine ndikuona kuti munthu wotere sayenera kusunganso ndalama za anthu." Imeneyo ndi ndemanga. Koma "ine maganizo anga, mkuluyu anaba" si ndemanga, ndi kuneneza munthu mlandu wakuba mutangoika chipewa cha "maganizo anga" pamwamba.

Chachitatu ndi kufotokoza zimene zanenedwa m'khoti kapena ku Nyumba ya Malamulo, mwachilungamo ndi molondola. Mawu amene mumasankha ndi amene amakupulumutsani. Tengani nkhani imene pafupifupi podcast iliyonse ya Amalawi inaikambapo, ya Shepherd Bushiri. Kuti anamangidwa kuno mu Okutobala 2020, kuti anaimbidwa milandu yachinyengo ndi kuzembetsa ndalama, kuti anapatsidwa belo n'kupita ku Malawi mu Novembala chaka chomwecho, ndiponso kuti iye amaikana milanduyo, zonsezi mukhoza kuzinena. Kudumpha kuchoka pa "akuimbidwa mlandu" kufika pa "anachita" ndi kumene kumagwetsa anthu, pa nkhani ya wina aliyense amene khoti silinamupeze wolakwa. Ndipo ngati munalengeza kuti munthu wamangidwa, mudzalengezenso akadzamasulidwa.

Chachinayi chinabwera mu 1998 ndi mlandu wa Bogoshi ku Khoti la Apilo: wofalitsa nkhani akhoza kupulumuka ngakhale nkhaniyo itapezeka yabodza, ngati aonetsa kuti anachita zonse zimene munthu wosamala akanachita asanaitulutse. Khoti limafunsa kuti gwero lanu linali lodalirika bwanji, munafufuza motani, munamupatsa mpata woyankha munthuyo kapena ayi, munalankhula ndi mawu otani, ndipo panali changu chanji. Chitetezochi chinapangidwira atolankhani, choncho wa podcast asachidalire ngati chake chake, koma mafunso akewo ndi amene woweruza aliyense amakhala nawo m'mutu. Chipani cha EFF chinayesa njira imeneyi chitalemba pa Twitter mu 2019 kuti Trevor Manuel, nduna yakale ya zachuma, anachita zokondera posankha mkulu wa SARS, bungwe lotolera misonkho. Chinadalira uthenga wa munthu amene sichinamutchule, osafufuza. Khoti Lalikulu la Johannesburg linalamula kuti uthengawo uchotsedwe pasanathe maola 24, ndipo linaika chipukuta misozi cha R500,000. Mu Disembala 2020 Khoti la Apilo linavomereza kuti Manuel anaipitsiridwadi mbiri, koma linati kuchuluka kwa ndalamazo kukambidwenso pomva mboni.

Ntchito ya musanayatse maikolofoni

Pa nkhani iliyonse yoneneza munthu, tsegulani foda yakeyake. Lembani chiganizo chilichonse chimene chikumuneneza pa mzere wake, ndipo pambali pake lembani chimene chikuchitsimikizira: risiti, uthenga wa ku banki kapena wa Mukuru, nambala ya mlandu ya ku polisi, mapepala a msonkhano wa bungwe, dzina la munthu amene anaona ndi maso ndipo wavomera kudzaima m'khoti. Mzere umene pambali pake palibe kanthu, uchotseni. Anthu awiri amene onse anamva kwa munthu mmodzi si mboni ziwiri. Chithunzi cha macheza a pa WhatsApp chimapangika mosavuta masiku ano, ndiye pemphani kuona foni yeniyeniyo, muone nambala ndi tsiku, ndipo mwini wake akutumizireni macheza onse, osati kachidutswa kamene wasankha. Nambala ya mlandu imangoonetsa kuti wina anakadandaula ku polisi, osati kuti wonenedwayo ndi wolakwa.

Mboni yoti "musanditchule" ndi yovuta kwambiri kuno, chifukwa ambiri mapepala awo okhalira m'dziko muno sali bwino ndipo khoti amaliopa. Nkhani yake ikhoza kukhala yoona, koma tsiku la mlandu mudzaima nokha. Muigwiritse ntchito ngati chala cholozera kumene kuli umboni, osati ngati umboniwo.

Mukatero mufunseni wonenedwayo, polemba. Uthenga wa WhatsApp kapena imelo ukukwana. Dzitchuleni, tchulani pulogalamu, yalani zimene akunenezedwa chimodzichimodzi, ndipo mupatseni nthawi yooneka, maola 48 pa nkhani wamba, kuposerapo ngati akufunika kufufuza m'mabuku. Kungoti "tikufuna ndemanga yanu pa nkhani ina yake" sikumupatsa mpata weniweni. Sungani chithunzi choonetsa kuti uthenga unafika. Akayankha, werengani yankho lake mokwanira m'pulogalamu yomweyo, osati mlungu wotsatira, ndipo osaliwerenga ndi mawu achipongwe. Akapanda kuyankha, nenani tsiku limene munamulembera ndi kuti sanayankhe, osaonjezera kuti "ndiye kuti akudziwapo kanthu". Gawo limeneli ambiri amalidumpha poopa kuti nkhani izizira. Taona kuti ndi pomwe nkhani zambiri zimasinthira: transipota uja amatulutsa pepala loonetsa kuti thiraki yagwidwa pa Beitbridge kapena pa Mwanza, ndipo "wakuba" uja amasanduka munthu amene sanangouza makasitomala ake zoona. Imeneyonso ndi nkhani, koma ina.

Mlendo mukambirane naye musanajambule: mayina ati atchulidwe, ati asatchulidwe. Podula, mverani pulogalamu yonse ndi pensulo m'manja, makamaka mphindi zomaliza pamene anthu amasuka n'kuyamba kutaya pakamwa. Kuika kaphokoso pa dzina mu Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yodulira mawu, n'kosakwanira ngati milomo ikuoneka pa vidiyo kapena ngati mawu ozungulira akumuloza munthuyo. Dulani chiganizo chonse.

Samalani ndi mutu wa pulogalamu, chithunzi chapamwamba ndi tizidutswa ta TikTok. Mukhoza kukamba mosamala kwa ola lathunthu, kenaka mnyamata wokuthandizani n'kulemba "M'BUSA WAKUBA WAYALUKA" pa chithunzi, kapena kudula masekondi makumi atatu opanda yankho la wonenedwayo. Kachidutswako kamaweruzidwa pakokha, chifukwa ambiri amene akaone sadzamvera ola lonselo. Ndemanga za omvera pansi pa vidiyo nazonso ziyang'aneni. Wina akakudziwitsani kuti pali ndemanga yomuipitsira mbiri inu n'kuisiya, mwayamba kuisenza.

Pulogalamu ya live ndi imene ilibe pothawira. Ngati mumagwiritsa ntchito OBS, pulogalamu ya pa kompyuta youlutsira live, ikani Stream Delay, yochedwetsa kutuluka kwa mawu ndi zithunzi, ya masekondi 30. Mlendo akaponya dzina ndi mlandu, pali batani loimitsa pulogalamu n'kutaya zimene zinali zisanatuluke. Pakhale munthu wina, osati wofunsa mafunso, amene ntchito yake ndi imeneyo basi. Popanda zimenezo, mudule mlendoyo nthawi yomweyo, nenani momveka kuti mulibe umboni wa zimene wanenazo ndipo simukuzivomereza, ndipo pulogalamu ikatha musaisiye pa intaneti musanadule malowo. Oimba foni osawadziwa asamatchule mayina a anthu, lamulo limenelo linenedwe poyambirira.

Kumene choonadi sichithandiza n'komwe

Pali nkhani zina zimene kukhala zoona ndi kumene kumakulitsa mlandu. Kuulula matenda a munthu ndi imodzi. Mu 2007 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linapatsa amayi atatu R35,000 aliyense chifukwa buku lina linatchula mayina awo ndi kuti ali ndi HIV popanda chilolezo chawo. Mlendo amene akusimba za mwamuna wake wakale akafika pa "ndipo amamwa ma ARV", dulani.

Mwana wosakwana zaka 18 amene ali woimbidwa mlandu, mboni kapena wolakwiridwa pa mlandu wa upandu saloledwa kudziwika, malinga ndi gawo 154 la Criminal Procedure Act, ndipo kuyambira pa chigamulo cha 2019 chitetezocho chimapitirira ngakhale atakula. Kutchula mayi ake, sukulu yake kapena nyumba imene amakhala ndi kumutchula komwe. Pa milandu yogwiririra, musatulutse za mlanduwo woimbidwayo asanayankhe m'khoti kuti akuvomera kapena akukana, ndipo wodandaula asadziwike. Pa milandu yothetsa banja, kuyambira 2009 nkhani mukhoza kuikamba koma mayina a eni banjawo ndi ana awo ayi.

Kujambula foni imene inu muli mmodzi wa olankhula n'kololedwa pansi pa RICA, lamulo la 2002 lokhudza kujambula ndi kutchera khutu mauthenga, ngakhale winayo asakudziwa. Kutchera khutu pa foni za anthu ena ndi mlandu. Komanso kuloledwa kujambula si kuloledwa kuulutsa. Voice note imene munthu anatumizira mkazi wake ikadali ya m'nyumba mwawo ngakhale yafika pa foni yanu. Kufalitsa zithunzi zamaliseche za munthu popanda chilolezo chake, kumuopseza kapena kulimbikitsa anthu kuti akamumenye kapena kuphwanya katundu wake, zili pansi pa Cybercrimes Act imene inayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala 2021, ndipo chilango chake chimafika zaka zitatu kundende. Mawu ngati "amene mukudziwa kumene amakhala mukamuonetse" ndi amene akunenedwa pamenepa.

Ufiti ndi nkhani imene ife timaikamba mopepuka kuposa mmene lamulo limaionera. Witchcraft Suppression Act ya 1957 imati kuloza munthu kuti ndi mfiti, kapena kuti wadwalitsa mnzake ndi matsenga, ndi mlandu wa upandu umene chilango chake chimafika zaka 10. Ku Malawi nakonso lamulo la 1911 limaletsa kuneneza munthu ufiti. Umboni wa kutchalitchi woti "azakhali anga a ku Ntcheu ndi amene ananditsekera mwayi" ukalowa pa podcast wasanduka chinthu china, ndipo azakhaliwo ali kumudzi kumene mawu otere amaphetsa nkhalamba.

Za mitundu ya anthu, gawo 16 lomwe lija limanena poyera kuti silitchinjiriza kulimbikitsa nkhondo, kuyambitsa ziwawa, kapena kufesa chidani pa mtundu, fuko, chipembedzo kapena kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Lamulo la Equality Act la 2000 limafutukula mndandandawu, ndipo wodandaula amapita ku Equality Court popanda loya. Chigamulo cha Qwelane cha 2021 chinati mawu ongopweteka mtima si okwanira, ayenera kukhala ovulaza kapena olimbikitsa kuvulaza, komanso ofesa chidani. Ife amene timakumbukira ziwawa za Meyi 2008, zimene zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, timakhala ndi zambiri zoti tinene za eni dziko, ndipo kudzudzula ndale zodana ndi alendo n'kololedwa ndithu. Chimene chimadutsa malire ndi "anthu a mtundu wakutiwakuti onse ndi otere". Lamulo lomwelo limagwiranso mukanyoza Ayao, Atumbuka, Asilamu kapena amuna okwatirana okhaokha.

Mlandu wa upandu woipitsa mbiri unathetsedwa kuno mu Epulo 2024, koma crimen injuria, kunyazitsa munthu koopsa, ulipobe. Mu 2018 khoti la ku Randburg linalamula mayi wina zaka zitatu kundende, chimodzi choimitsidwa, chifukwa chotukwana wapolisi ndi mawu a tsankho.

Kalata ikafika

Nthawi zambiri imayamba ndi kalata ya loya yofuna kuti muchotse pulogalamu, mupepese, mwinanso mulipire, pasanathe masiku angapo. Kalatayo si chigamulo. Musaiwerenge pa pulogalamu n'kumaiseka, ndipo musajambule gawo lachiwiri lobwezera, chifukwa khalidwe lanu pambuyo pa dandaulo limakweza kapena kutsitsa chipukuta misozi. Ikani pulogalamuyo pa private pamene mukufunsa nzeru. Kutero si kuvomera kulakwa. Musafufute fayilo yoyambirira, macheza ndi foda ya umboni ija. Kumbukirani kuti madzi akatayika saoleka: Spotify, Apple Podcasts ndi Facebook aliyense ali ndi kope yake, tizidutswa tili pa TikTok, ndipo wodandaula anasunga yake kalekale. Chotsani paliponse pamene mungathe, ndipo lembani tsiku limene mwachotsa.

Pitani kwa loya ndi zinthu zitatu: kalatayo, mawu enieni amene ananenedwa olembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi pamodzi ndi mphindi yake, ndi foda ya umboni. Amene alibe ndalama akhoza kuyamba kufunsa ku Wits Law Clinic ku Braamfontein kapena ku ProBono.Org. Ngati loya waona kuti umboni ndi woperewera, kupepesa msanga ndi njira yotchipa kuposa zonse. Kupepesa kwake kukhale pamalo pomwe panatulukira nkhaniyo, koyambirira kwa pulogalamu, kutchula chimene chinali cholakwika ndi kuchibweza. "Ngati ena anakhumudwa, pepani" sikubweza kanthu. Mawu ake agwirizanidwe ndi mbali inayo polemba, pamodzi ndi pangano loti nkhani yathera pomwepo.

Chisamani ndi nkhani ina. Chimabwera ndi sheriff, mtumiki wa khoti, ndipo muli ndi masiku 10 ogwira ntchito a khoti kuti mupereke chidziwitso choti mudzadziteteza. Mukakhala chete, mlandu umagamulidwa inu kulibe, ndipo sheriff yemweyo amabweranso kudzalemba makamera, maikolofoni ndi kompyuta. Milandu yofika R200,000 imapita ku khoti la majisitireti la m'boma, yofika R400,000 ku khoti la chigawo, yoposa apo ku Khoti Lalikulu. Small Claims Court, khoti la milandu ya ndalama zochepa, siimva milandu yoipitsa mbiri. Musachite mantha ndi mamiliyoni amene amalembedwa m'kalata, chifukwa ndalama zimene makhoti a kuno amapereka nthawi zambiri zimakhala zochepa poyerekeza ndi zopemphedwazo, monga mwaonera pa milandu ili pamwambayi. Chimene chimasaukitsa ndi maloya, anu ndi a mnzanuyo, popeza woluza kawirikawiri amalipira mbali ya ndalama za wopambana. Wodandaula ali ndi zaka zitatu zoti asume, choncho foda ya umboni isungidwe zaka zosachepera zimenezo. Munthu amene mukumukamba mobwerezabwereza mlungu ndi mlungu alinso ndi njira yachidule: kukatenga chiletso ku khoti la majisitireti pansi pa Protection from Harassment Act ya 2011, popanda loya, ndipo mukachiphwanya mumamangidwa.

Omvera athu ambiri ali kumudzi, ndiye malamulo a ku Malawi akutikhudzanso. Mu Julaye 2025 khoti la kumeneko linathetsa gawo 200 la Penal Code, limene linkachititsa kuipitsa mbiri kukhala mlandu wa upandu. Koma kusumirana chipukuta misozi kulipobe, ndipo munthu wa ku Lilongwe amene pulogalamu yanu yamveka kwawo akhoza kukasuma ku khoti la komweko, kumene kuli nyumba ndi minibasi zimene mwakhala mukugula ndi thukuta la kuno. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi WhatsApp. Pulogalamu yokamba za andale kapena akuluakulu a boma la kumudzi idutse pa foda ya umboni yomwe ija, ndipo ngati mlendo wanu akulankhula ali ku Blantyre kapena ku Mzuzu, muuzeni musanajambule kuti amene apolisi angamufikire msanga ndi iyeyo, kenaka asankhe yekha ngati akufuna dzina ndi nkhope yake zioneke.